ZA CILENGEDWE: KANGAUDE WOWAZA UBWEYA

Citedze sicisowa wocifotokoza pakati pa alimi. Mwezi wa masika ukafika, makoko ake atauma pa zitsamba za m'mphepete mwa mtsinje, munthu wodutsa pafupi amva thupi lonse kuyaka, ndipo ngakhale mkulu waulemu wake aiwala ulemuwo nayamba kudzikanda ngati mwana. Ciyabwe naco ciri ndi mbiri yomweyo. Cikagwa kucokera mumtengo ndi kutera pakhosi pa munthu wopumula pamthunzi, cisiya mizere yotupa imene ikhala masiku angapo. Zonse ziwirizi zivulaza munthu ndi ubweya cabe, popanda mano kapena mbola.

Kutsidya kwa nyanja, m'maiko a America, kuli colengedwa cina cimene cimaponya ubweya wotere mwadala, monga munthu aponyera mnzake mcenga m'maso pomenyana. Colengedwaco ndi kangaude wamkulu wochedwa tarantula. Codabwitsa ndi cakuti anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America amaweta kangaude ameneyu m'nyumba zao, ndipo madokotala a maso a kumeneko aphunzira zambiri pa mavuto amene oweta akangaudewa akumana nao. Zimene anaphunzirazo zikhudzanso mudzi uliwonse kumene kumera citedze ndi kumene kuyenda ziyabwe.

KANGAUDE WAKE NDI WOTANI

Mitundu ya akangaude a fuko limeneli ipitirira 1,000, ndipo ipezeka m'maiko ambiri otentha. Wolemera kuposa onse achedwa Goliath, ndipo akhala m'nkhalango za ku Venezuela, Guyana, Suriname ndi kumpoto kwa Brazil. Akatambasula miyendo afika pafupifupi masentimita 30, ndiko kunena kuti angadzaze mbale ya nsima, ndipo kulemera kwake kufika pa magalamu 170 ndi kuposapo pang'ono. Akazi a mitundu ina akhala ndi moyo zaka 20 kapena kupitirira, pamene amuna afa msanga atangokhwima. Dzina lakuti tarantula linacokera ku mzinda wa Taranto m'dziko la Italy, kumene kuli kangaude wa mtundu wina. Azungu atafika ku America ndi kuona akangaude aakulu aubweyawa, anangowapatsa dzina limene anali kulidziwa kale kwao.

Thupi lonse la tarantula liri ndi ubweya, koma ubweya woyabwa uli pamalo amodzi, pamwamba pa cimimba cake cakumbuyo. Mdani akayandikira, kangaudeyu amtembenuzira mbuyo, napalasa cimimbaco mofulumira ndi miyendo yake yakumbuyo. Pamenepo ubweya uuluka ngati mungu wa mapira pamene amai apeta, nulowa m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa mwa nyama imene inafuna kumudya. Nyamayo itanganidwa ndi kuyetsemula ndi kudzipukuta kumaso, kangaude alowa m'dzenje lake.

Ubweya umodzi ndi waung'ono kwambiri. Wambiri sufika ngakhale milimita imodzi, ndipo wautali supitirira mamilimita awiri. Koma pouyang'ana ndi makina okulitsa zinthu, uoneka ngati muvi wokhala ndi timano tambirimbiri m'mbali mwake. Timanoti ticititsa kuti ubweya ulowe mosavuta koma ukane kubwerera. Amene anayendapo m'udzu wa nsanu adziwa mmene nsanu ilowera m'covala: munthu akamayenda, iyo nayo iyenda kulowa m'kati kufikira itafika pakhungu. Ubweya wa tarantula ucita cimodzimodzi m'thupi la munthu, ndipo kukanda kungouthandiza kulowa.

M'caka ca 1972 akatswiri atatu, John Cooke, Vincent Roth ndi Frederick Miller, anafalitsa zimene anapeza ataupima ubweyawu, naugawa m'mitundu inai. Kucokera nthawi imeneyo papezeka mitundu ina, ndipo tsopano yodziwika ndi isanu ndi iwiri. Wotsiriza unapezeka pa kangaude wa ku Colombia m'caka ca 2016. Mtundu umene uvutitsa anthu kwambiri ungalowe m'khungu kufikira mamilimita awiri. Akangaude ena okhala m'mitengo saponya ubweya wao, koma angokhudzitsa cimimba pa mdani wao, ubweya nutsalira pa iye. Ena amaulukira mu ulusi wa pakhomo pa dzenje lao ndi pa kathumba ka mazira, kuti nyerere ndi tizirombo tina tisafike pa ana.

Kangaude woponya ubweya kawirikawiri akhala ndi dazi pacimimba. Ubweya sumeranso kufikira atafundula, monga icitira njoka, ndipo pamenepo aturuka ndi covala catsopano codzala ubweya. Cikopa cakale cimene wasiya cikhalabe ndi ubweya wake, motero cingayabwe munthu ngakhale mwini wake atacokamo kale.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa ubweyawu ndi wa citedze. Ubweya wa citedze uli ndi mankhwala ake ochedwa mucunain, amene madokotala awiri a ku America, Walter Shelley ndi Robert Arthur, anawazindikira m'caka ca 1955. Mankhwalawo ndiwo ayatsa moto pakhungu, ndipo mphamvu yao ikatha kuyabwa kucepa. Ubweya wa tarantula uvulaza makamaka cifukwa ca kulasa kwake ndi kukhazikika m'thupi, ndipo cifukwa ca ici kuyabwa kwake kungathe masiku ambiri, nthawi zina milungu.

AMENE ANAULAWA

Mngelezi wina wofufuza za cilengedwe, Henry Walter Bates, anakhala m'cigwa ca mtsinje wa Amazon kuyambira 1848 kufikira 1859. M'buku lake la 1863 anasimba kuti kangaude woyamba wa mtundu uwu amene anamupha kuti amusunge anamugwira mosasamala, ndipo anazunzika ndi kuyabwa masiku atatu. Anasimbanso kuti anaona ana a m'banja lina la kumeneko atamanga kangaude wotere cingwe m'cuuno, namayenda naye m'nyumba ngati galu. Eni nthaka a kumeneko amudziwa bwino kangaudeyu. Anthu a mtundu wa Piaroa ku Venezuela amamudya, koma ayamba amuwaula pamoto kuti ubweya upse, monga momwe amai a kuno sapereka matondo kwa ana asanawakonze.

Kuweta akangaudewa kunafala kwambiri ku Ulaya ndi ku America m'zaka zotsiriza za m'ma 1900. Amawasunga m'mabokosi agalasi, nawapatsa ziwala ndi mphemvu. Oweta anena kuti ciweto cimeneci sicisokosa, sicinunkha, ndipo cidya pang'ono, pakuti cingathe kukhala milungu yambiri osadya kanthu. Malonda ake anakula cotero kuti m'caka ca 1985 kangaude wa mawondo ofiira wa ku Mexico anaikidwa pansi pa pangano la maiko la CITES, limene liyang'anira malonda a nyama ndi zomera za kuchire, ndipo dziko la Zambia nalo liri m'panganolo. Wokondedwa wina ndi kangaude wofiirira wa ku Chile, wochedwa Chilean rose, amene ali wofatsa ndipo saluma wamba. Kufatsa kumeneku ndiko kunanyenga ambiri, pakuti anayamba kumuyendetsa m'manja ndi kumuyandikiza kumaso. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

M'mwezi wa February 2009 mwamuna wina wa zaka 29 anafika pa cipatala ca St James's mumzinda wa Leeds ku Britain. Diso lake linali lofiira, loturuka misozi ndi loopa kuwala kwa milungu itatu, ndipo mankhwala a nthenda wamba ya maso amene analandira poyamba sanathandize. Madokotala atalipima ndi makina okulitsa zinthu anaona tinthu tonga tsitsi titalasa galasi la diso. Atamuuza zimenezi ndi pamene munthuyo anakumbukira. Tsiku lina anali kutsuka bokosi la kangaude wake wa ku Chile, maso ali pa banga limene linali kukana kucoka, ndipo potembenuka anaona kangaudeyo akumuwaza ubweya kumaso. Iye sanaciyese kanthu, naiwala.

Ubweyawo unali waung'ono kwambiri kotero kuti madokotala sanathe kuuzula ngakhale ndi zipangizo zao zosongoka. Anangomupatsa mankhwala odonthezera m'diso ocepetsa kutupa, ndipo pofika mwezi wa August caka comweco diso linali lisanaleke kumuvuta kotheratu. Nkhaniyi inalembedwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet kuciyambi kwa 2010, ndipo olembawo analangiza oweta akangaude kuti azivala magalasi ochinjiriza maso. Zaka za m'mbuyo, mu 1997, madokotala a mumzinda wa Dundee ku Scotland anali atasimba kale za odwala atatu otere. Awiri a iwo, amene anali kugwira kangaude wa ku Chile yemweyo, kutupa kunawalowa m'kati mwenimweni mwa diso ndipo kunawavuta nthawi yaitali.

Cifukwa cake ndi ici. Khungu la munthu limadzikonza lokha, ndipo m'kupita kwa masiku litaya ubweya pamodzi ndi khungu lakale. Diso silitero. Munthu akaphethira kapena kutikita, ubweya usunthira m'kati pang'onopang'ono, nuboola galasi la diso, ndipo ungafike m'madzi a m'kati mwake ngakhale kumbuyo kumene diso lionera. Thupi poyesa kuzinga mlendoyo liumba timibulu tating'ono pomuzungulira, ndipo kutupa kukapitirira kungabale ng'ala kapena kukweza mphamvu ya madzi a m'diso, imene iononga mtsempha woonera. Madokotala acha nthendayi ophthalmia nodosa. Anayamba kuizindikira kale m'zaka za m'ma 1800, ndipo odwala oyambawo sanavulazidwe ndi akangaude ai, koma ndi ubweya wa mbozi zonga ziyabwe.

Palinso vuto lina. Anthu ena thupi lao silizolowera ubweyawu, koma liipiraipira pamene akumana nao kawirikawiri. M'caka ca 1995 madokotala a ku Brazil anasimba za anthu ogwira nchito pakati pa akangaude otere, amene anayamba kudwala cimfine cosatha, kuyetsemula, kufiira maso ndi zidzolo. Munthu wotere angafike pakuti kungotsegula bokosi la kangaude kumuyambitsa cifuwa. Wodwala mphumu ayenera kuopa koposa.

AKANGAUDE A KUNO

Wowerenga angafunse ngati akangaude aakulu aubweya amene apezeka m'minda ya kuno nao amawaza ubweya. Yankho ndi lakuti iai. Iwo ndi a fuko lomwelo, koma akangaude a mu Africa ndi a ku Asia alibe ubweya woyabwa. Cida cimeneci ndi ca abale ao a ku America okha. Wa kuno akhala m'dzenje loyalidwa ulusi woyera, kapena pansi pa mwala ndi pa citsa, ndipo akaputidwa aimika miyendo yakutsogolo naonetsa mano. Kuluma kwake kupweteka kwambiri, kutupitsa, ndipo nthawi zina kukokera minofu, koma palibe mbiri yotsimikizika ya munthu amene anafa nako. Mmodzi wa iwo, wa maonekedwe ofiirira ngati lalanje, amene apezeka m'Zambia ndi m'maiko oyandikana nalo, nayenso awetedwa m'mabokosi ku Ulaya, kumene adziwika ndi ukali wake.

Kangaude ameneyu ndi bwenzi la mlimi, pakuti usiku adya ziwala, mphemvu ndi tizirombo tina. Palibe cifukwa comuphera. Anyamata okumba mbewa m'cirimwe angofunika kuuzidwa kuti asapise dzanja m'dzenje limene sadziwa mwini wake, popeza m'maenje momwemo mukhalanso zinkhanira ndi njoka.

COCITA UBWEYA UKAGWIRA MUNTHU

Tsono ngakhale tarantula wa ku America sapezeka m'chire la kuno, ubweya wobaya ulipo wambiri, wa citedze ndi wa ziyabwe, ndipo cithandizo cake ndi cimodzi.

Ubweya ukagwa pakhungu, coyamba ndi kudziletsa kukanda. Zimenezi n'zovuta, makamaka kwa mwana, koma zikhadabo zithyola ubweya ndi kuukankhira m'kati, ndipo zinyamula wina kupita nao kumaso. Ngati pali selotepi kapena pulasitala, aimate pamalopo ndi kuimatula, kenaka atenge ina yatsopano, kangapo konse, cifukwa ubweya umamatirira pamenepo nuzuka. Atatero asambe ndi sopo ndi madzi ambiri, naike nsaru yonyowa ndi madzi ozizira pamalo otupawo. Zovala zimene anavala azivule mosamala ndi kuzicapa pazokha, osazikung'untha m'nyumba kapena pafupi ndi ana. Manja asambidwe munthu asanagwire nkhope yake kapena kunyamula khanda. Kuyabwa kukapitirira masiku awiri kapena atatu, kapena pamalopo pakayamba mafinya, ku kiliniki kuli mapiritsi ndi mafuta odzola othandiza.

Ubweya ukalowa m'diso, nkhani yakula. Diso lisatikitidwe ngakhale pang'ono. Alitsuke pothira madzi oyera ambiri, makamaka ophitsa ndi kuziziritsa, ataweramitsa mutu kumbali kuti madziwo asapite ku diso linzake. Akatero apite ku cipatala tsiku lomwelo kapena mmawa mwake. Mwana wamng'ono agwiridwe manja panjira. M'midzi muli cizolowezi cocotsa citsotso ndi lilime kapena ndi nsonga ya nsaru, ndipo pa kamcenga wamba ena apulumuka naco, koma ubweya wa timano suturuka motero. Madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena fodya siziyenera kuthiridwa m'diso, pakuti zionjezera cironda ndi kulowetsa tizirombo ta matenda. Mankhwala odonthezera otsala kwa munthu wina nao ndi oopsa. Amene madokotala apereka pa nthenda iyi ndi amphamvu, ndipo akathiridwa m'diso lokhala ndi cironda ca mtundu wina angalipweteke koposa.

Phunziro lalikulu la wodwala wa ku Leeds liri pa kuiwala kwake. Anataya milungu itatu akucizidwa nthenda ina, cifukwa palibe amene anadziwa za kangaude. Motero wofika ku cipatala ndi diso lofiira anene zonse zimene anali kucita tsiku limene linayamba, kaya anali kusenga udzu, kuthyola cimanga, kutema mtengo wokhala ndi ziyabwe, kapena kudutsa m'citedze. Mau ocepawo ndiwo auza dokotala poyang'ana. Kiliniki ya pafupi ikaona kuti yalephera, itumiza wodwala kumene kuli makina opimira maso, monga ku cipatala cacikulu ca Chipata, ku Mwami, kapena ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Wodwala akauzidwa kuti abwerenso kudzapimidwa, abwere ndithu ngakhale diso litaoneka ngati lapola, popeza ubweya uyenda mwakacetecete ndipo ungayambitse kutupa patapita miyezi. Zengerezu analinda kwaukwau.

Munthu amene wapuma ubweya wambiri nayamba kubanika, kutupa milomo, lilime kapena zikope, asadikire kuti kuce. Ameneyo afunika kunyamulidwa nthawi yomweyo.

Kupewa kulinso ndi njira zake zosafuna ndalama. Wolambula malo a citedze aime kumene kucokera mphepo, avale malaya a manja aatali, ndipo agwire nchitoyo mmamawa mame asanaume, pamene ubweya suuluka kwambiri. Citedze ca pafupi ndi njira ya kumadzi kapena ya ku sukulu cizulidwe m'dzinja cisanabale. Zovala ndi matewera oyanikidwa pansi pa mtengo wa ziyabwe ziyang'anidwe bwino asanamuveke mwana. Ndipo ana aphunzitsidwe kuti mbozi yaubweya, ngakhale yakufa, siigwiridwa ndi manja, monga momwe oweta akangaude ku Ulaya anaphunzirira kuti cikopa cofundula cibaya ngati mwini wake.

Banja limene liri ndi mbale wake ku Britain, ku South Africa kapena kwina kumene anthu aweta akangaude otere, lingacite bwino kumuuza nkhani iyi, makamaka ngati ali ndi ana okonda kusuzumira m'mabokosi a anzao. Otsala kumudzi asunge selotepi pang'ono m'nyumba nyengo ya masika isanafike, ndipo mwana wobwera kucokera kuchire akulira ndi diso lofiira afunsidwe kumene anapita, asambitsidwe, ndi kupita naye ku cipatala dzuwa lisanalowe.